Bemberezi: Kalipentala Woboola Denga Lanu Ndi Yemwe Akubereketsa Magalagadeya Kuseri kwa Nyumba

Kukangoyamba kutentha, funso lake limakhala lomwelo m'magulupu a WhatsApp a m'makomboni mwathu muno. Wina amajambula kabowo kozungulira bwinobwino pa thabwa la pakhonde, pansi pake pali utuchi, n'kulemba kuti, "Abale, ichi n'chiyaninso?" Mayankho ndiye amabwera ngati mvula. Uyu akuti ndi chiswe. Uyo akuti ndi mavu. Wina wosafuna zambiri akuti ingopoperani Doom nkhani ithe. Ndipo sipalephera mmodzi wonena kuti alipo amene wakutumizirani, mupite mukaonetse.

Palibe wakutumizirani. Mwini bowolo ndi bemberezi, chijuchi chachikulu chakuda chija chimalira ngati kanjinga kamoto kakumvekera patali. Musanagule mankhwala opopera, yambani mwamudziwa kaye, chifukwa ndi yemweyo amene amachititsa kuti mpesa wa magalagadeya uli pampanda pajawo ubereke, osangokhala wa maluwa okongola othothoka pachabe.

Ndi njuchi, koma yosapanga uchi

Ambiri amadabwa akamva kuti bemberezi ndi njuchi. Tinazolowera kuti njuchi ndi zija za mumng'oma, zokhala ndi mfumukazi, zopanga uchi ndi phula, zoluma chigulu ukazishosha. Koma padziko lonse pali mitundu ya njuchi pafupifupi 20,000, ndipo yochuluka mwa imeneyi ilibe mng'oma, ilibe mfumukazi, sipanga uchi. Mayi aliyense amamanga yekha, kulera yekha. Bemberezi ali m'gulu limeneli.

Asayansi amamutchula kuti Xylocopa, dzina lochokera ku Chigiriki lotanthauza wodula mitengo. Analipereka ndi katswiri wa tizilombo wa ku France, Pierre André Latreille, m'chaka cha 1802. Mukafuna kumusaka pa intaneti, pa Chingelezi amati carpenter bee, ndiye kuti njuchi yaukalipentala. Mitundu yake ilipo pafupifupi 500, ndipo yambiri imapezeka kumaiko otentha ngati kwathu kuno.

Ndi wamkulu ndithu, masentimita 2 mpaka 3, wojintcha, wa miyendo yaubweya. Mapiko ake ndi oderako, koma dzuwa likawaomba amanyezimira mwa buluu kapena pepo. M'chigawo chino cha Africa muli mitundu ingapo imene mungaizindikire ngakhale ndi kamera ya foni. Xylocopa caffra wamkazi ndi wakuda wokhala ndi mizere iwiri yachikasu kapena yoyera pamsana, ndipo Xylocopa inconstans amafanana naye kwambiri. Xylocopa nigrita wamkazi ndi wakuda wa ubweya woyera m'mbali. Xylocopa flavorufa ndi chimphona chakuda cha ubweya wofiirira cha kumutu.

Pali chinthu chimodzi chimasokoneza anthu. Mu mitundu ngati caffra ndi nigrita, mwamuna ndi mkazi safanana n'komwe. Mkazi ndi wakuda, mwamuna ndi wachikasu thupi lonse. Ukawaona pamtengo umodzi umaganiza kuti ndi tizilombo tiwiri tosiyana, chonsecho ndi banja.

Wokuopsezani uja alibe mbola

Amene amabwera kudzaima m'malere pafupi ndi nkhope yanu, kukuyang'anani ngati muli naye ngongole, kawirikawiri ndi wamwamuna. Amasankha kamalo kake, kaya ndi chitsamba, kaya ndi ngodya ya khonde, n'kumazungulira pomwepo kudikira wamkazi ndi kuthamangitsa amuna anzake. Chilichonse chodutsa amapita kukachiona: gulugufe, mbalame, inuyo. Koma ndi matama chabe. Mbola ya njuchi inachokera ku chiwalo choikira mazira, ndiye ili ndi zazikazi zokha. Wamwamuna ngakhale atafunitsitsa bwanji alibe cholumira.

Wamkazi mbola ali nayo, ndipo imapweteka, tisanamizane. Mbola yake siitsalira pakhungu ngati ya njuchi za uchi, choncho akhoza kuluma kangapo osafa. Koma sayamba munthu. Ali ndi zochita zambiri. Amaluma ukamugwira, ukamukhalira, kapena ukalowetsa chala m'bowo mwake, zimene ana amakonda kuchita. Alibenso gulu loti aliitane kuti likuthamangitseni mpaka kumsewu.

Akakulumani tsukani pamalopo ndi sopo, ikanipo kansalu konyowa ndi madzi ozizira, ululu umatha. Koma munthu akayamba kutupa nkhope kapena milomo, kubanika, kuchita chizungulire kapena kutuluka zidzolo thupi lonse, musadikire ndemanga za pa Facebook. Thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Pali anthu ena amene thupi lawo limadana kwambiri ndi ululu wa njuchi za mtundu uliwonse, ndipo zimenezi zimapha.

Zimene zikuchitika m'bowo muja

Choyamba, bemberezi sadya mtengo. Apa ndi pamene amasiyana ndi chiswe komanso tizilombo tofumbwitsa matabwa. Chakudya chake ndi timadzi totsekemera ta m'maluwa ndi mungu basi. Mtengo ndi nyumba.

Woboola ndi wamkazi. Amagwiritsa ntchito nsagwada zake zolimba, akunjenjemeretsa thupi lonse, ndipo mukatchera khutu pathabwa masana kuli zii mumamva kukukuta kwake. Utuchi amaukankhira kunja, ndiwo mumaupeza pansi m'mawa uja. Khomo limakhala lozungulira ngati laboola ndi makina, kukula kwake kongokwana nsonga ya chala. Akalowa pang'ono amakhota n'kuyamba kutsata mmene mtengowo unakulira, ndiye kanjirako kamayenda m'litali mwa thabwa, mwina masentimita 10, mwina 30. N'chifukwa chake ukasuzumira ndi tochi suona kanthu. Nyumba yeniyeni ili kumbali.

Kumapeto kwa kanjirako mayi amaunjika mungu wosakaniza ndi timadzi ta m'maluwa, n'kuumba kambamu konga ka nsima. Pamwamba pake amaikirapo dzira limodzi. Kenako amatenga utuchi, kuusakaniza ndi malovu, n'kumanga kakhoma kotseka chipindacho. Akatero amayambanso: kambamu, dzira, khoma. Zipinda zimandandalikana ngati nyumba za lendi za mdadada umodzi, kawirikawiri zosafika 10. Dzira lake ndi lodabwitsa. Mu mitundu ikuluikulu limafika mamilimita 15 m'litali, ndipo lili m'gulu la mazira aakulu kwambiri pakati pa tizilombo tonse. Mfumukazi ya njuchi za uchi imatha kuikira mazira oposa 1,000 tsiku limodzi. Bemberezi amaikira owerengeka moyo wake wonse. Ndiye mukapha mmodzi, dziwani kuti kubwezeretsa kwake n'kochedwa.

Dzira likaswa mumatuluka mphutsi yoyera yopanda miyendo. Imadya kambamu kaja mpaka kutha, n'kugona, thupi n'kusintha, ndipo pakatha mwezi ndi theka kapena miyezi iwiri, malinga ndi kutentha, imakhala bemberezi wathunthu. Kuti mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi amasankha ndi mayi. Dzira limene walipatsa mbewu ya bambo limakhala mkazi, lopanda mbewu ya bambo limakhala mwamuna. Njuchi zonse ndi mavu zimatero.

Ana akatuluka m'zipinda sathawa pakhomo msanga. Amakhala kaye momwemo, mayi akuwadyetsa pakamwa. Nthawi zina mwana wamkazi amatsala ngati mlonda: mayi akapita kumaluwa iye amatseka khomo ndi mutu kapena ndi thako kuti nyerere ndi abemberezi ena ofuna nyumba yaulere asalowe. Paja kuboola ndi ntchito yowawa, ndiye kulandana nyumba kumachitika. Pachifukwa chomwecho amakonda kubwerera ku bowo lakale, kulikonza, kuwonjezera nthambi ina. Akuluakulu anaziona kalekale zimenezi pomwe ankati bemberezi adziwa nyumba yake. Pathabwa pakhoza kukhala mabowo khumi oyandikana, koma aliyense amalunjika pake osasochera.

Kanthu kena kongosangalatsa: akazi a mitundu ngati caffra ndi nigrita ali ndi kathumba m'thupi, pamene mimba imayambira, momwe amanyamulamo tizilombo ting'onoting'ono ta mtundu wa nkhupakupa totchedwa Dinogamasus. Timakwera ulere kuchoka nyumba ina kupita ina, n'kumakhala m'zipinda limodzi ndi mphutsi. Ndiye minibasi imene mukuiona ikuuluka ija ili ndi mapasenjala.

Ntchito imene salipidwa

Kuti duwa lisanduke chipatso, mungu uyenera kuchoka ku mbali yachimuna ya duwa n'kukafika ku mbali yachikazi. Chimanga chimadalira mphepo. Mbewu zambiri za ndiwo ndi zipatso zimadalira tizilombo. Kafukufuku wodziwika bwino wa m'chaka cha 2007 anapeza kuti mwa mbewu zikuluzikulu 115 zimene anthu amalima padziko, 87 zimabereka bwino chifukwa cha tizilombo ndi tinyama tonyamula mungu. Ulemu wonse timapereka kwa njuchi za uchi. Koma pali maluwa ena amene njuchi za uchi zimawalephera, ndipo apa ndi pamene bemberezi amalowera.

Tiyambe ndi magalagadeya, chifukwa ndi pamene zimaoneka ndi maso. Tengani duwa lake muliyang'ane bwino. Timadzi tili pansi, pakati pa mphete ya timaulusi tamitundumitundu tija. Pamwamba pali timitu tisanu ta mungu ndi timitu titatu tachikazi, tonse tolozera pansi ngati ambulera. Pakati pa mpheteyo ndi timituto pali mpata. Njuchi ya uchi ndi yaing'ono, imalowa pansi pa ambulera n'kutuluka osakhudza kanthu. Choipa kwambiri, imatha kukwera pamwamba n'kukokolola mungu wonse kupita nawo kumng'oma osaufikitsa pamene ukufunika. Bemberezi ndiye saizi yake yeniyeni. Akamazungulira pamphete kufuna timadzi, msana wake umakhula timitu ta mungu, n'kutuluka atayera chikasu ngati wachokera kuchigayo. Akafika pa duwa lina msana womwewo umakhula timitu tachikazi. Ntchito yatheka.

Duwa la magalagadeya limatseguka tsiku limodzi lokha. Likaphonya tsiku limenelo ndiye basi, limafota n'kugwa. Magalagadeya achikasu ndi ovuta kuposa apepo, chifukwa mungu wa pa mpesa womwewo kawirikawiri saulandira, amafuna wochokera pa mpesa wina. Ndipo mungu ukafika wochepa, nthanga zimakhala zochepa, madzi ochepa, chipatso chopepuka chija umachigula pamsika n'kupeza mkati muli mphepo. Ku Brazil, dziko limene limalima magalagadeya ochuluka kuposa lina lililonse, bemberezi amamutcha mamangava. M'madera amene anachepa chifukwa chodula mitengo ndi kupopera mankhwala, alimi amalemba aganyu oti aziyenda m'mizere masana, kugwira duwa lililonse ndi zala kusamutsa mungu. Ena amaika zipika zouma ndi timabokosi m'minda kuti abemberezi abwerere. Tangoganizani, kulipira munthu ntchito imene kwathu kuno ikugwiridwa ulere ndi amene tikumuthamangitsa ndi tsache.

Luso lake lachiwiri ndi lokung'untha. Maluwa a tomato, mabilinganya ndi nthula sasiya mungu poyera. Amautsekera m'timachubu tokhala ndi kabowo kakang'ono kunsonga, ndipo sutuluka pokhapokha wina atagwedeza. Bemberezi amaluma kachubuko, kupinda thupi, kuimitsa mapiko, n'kunjenjemeretsa minofu youlukira maulendo mazanamazana pa sekondi imodzi. Mungu umafwamphuka ngati mmene ufa umachitira ukamakung'untha thumba, n'kumatirira pamimba pake. Mukhoza kuzimva nokha. Imani pafupi ndi chitsamba cha nthula kapena mtengo wa keshya uli ndi maluwa m'mawa. Kulira kwake akamauluka ndi kwa besi, koma akatera paduwa kumasintha n'kukhala kosongoka, kwakanthawi kochepa, dziii, kenako wapita pa lina. Mitundu ya zomera pakati pa 15,000 ndi 20,000 ili ndi maluwa otere. Njuchi ya uchi luso limeneli ilibe, ngakhale mutaika ming'oma khumi pafupi ndi dimba.

Tisakokomeze. Tomato wa panja amabereka ngakhale popanda bemberezi, chifukwa duwa lake limatha kudzipatsa lokha mungu mphepo ikaligwedeza, ndipo pali njuchi zina zing'onozing'ono zam'tchire zimene nazonso zimakung'untha. Koma duwa logwedezedwa bwino limapereka chipatso chodzaza, cha nthanga zambiri. Vuto limaonekera m'magirinihausi, momwe mulibe mphepo ndiponso tizilombo sitilowa. Ku Europe alimi ankayenda ndi timitengo tamagetsi tonjenjemera, kugwedeza maluwa pamanja, mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 pomwe ku Belgium ndi ku Netherlands anayamba kuweta ndi kugulitsa njuchi zaubweya zotchedwa bumblebee. Njuchi zimenezo kum'mwera kwa chipululu cha Sahara kuno kulibe mwachilengedwe. Chimphona chathu chokung'untha maluwa ndi bemberezi. Ku Israel ndi ku Australia asayansi anayesapo kale kugwiritsa ntchito abemberezi akwawo m'magirinihausi, a mavwende ndi a tomato. Achinyamata amene mwalowa ulimi wa tomato wa m'magirinihausi, ngati maluwa akuthothoka osabereka, musathamangire kunena kuti feteleza wachepa. Yesani kugwedeza zingwe kapena mitengo yomangirira tomatoyo tsiku ndi tsiku dzuwa likakwera, chinyezi cha m'mawa chitauma.

Palinso maluwa a mbewu za m'gulu la nyemba: nandolo, khobwe, nyemba zenizeni, ngakhale mitengo yobwezeretsa nthaka ngati gilisidiya. Duwa lake ndi lotsekeka ngati kachikwama, ndipo limatseguka wolemera akaterapo n'kulikanikiza. Bemberezi kulemera ali nako. Nandolo ndi khobwe zimatha kudzibereketsa zokha, koma ofufuza ku Cameroon anaonetsa kuti maluwa ochezeredwa ndi abemberezi amapereka makoko ambiri ndi njere zabwino kuposa otsekeredwa. Kwa anthu a ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Zomba, kumene nandolo ndi ndiwo komanso ndalama, imeneyi si nkhani yaing'ono. Ngakhale chamwamba chija timathyola masamba ake, maluwa ake amakondedwa ndi bemberezi.

Amathanso kugwira ntchito nthawi imene ena apuma. Thupi lake lalikulu limadziotha lokha ndi minofu youlukira, ndiye amalawirira kukadali kachisanu, ndipo dzuwa la mu Okutobala likafika pamutu iye amakhala akuulukabe. Ku India kuli mtundu wina, Xylocopa tranquebarica, umene umauluka usiku.

Koma ndi wakubanso

Si woyera mtima ayi. Akapeza duwa lalitali lopapatiza loti mutu wake sungalowe, sataya nthawi. Amapita kuseri, kung'amba pansi pa duwa ndi kamwa lake lakuthwa, kuyamwa timadzi n'kuchoka osakhudza mungu. Kulowera pawindo kumeneko. Mukaona maluwa a pabwalo ali ndi kamng'alu m'munsi, wadutsapo ndi iyeyo, ndipo njuchi za uchi zimabwera pambuyo kudzagwiritsa ntchito windo lomwelo. Amene amadzala maluwa okongoletsa akhoza kudandaula. Ine ndimaona kuti poyerekeza ndi zimene amachita kudimba, mlandu umenewu ndi wa chindapusa chochepa.

Nanga denga?

Apa ndi pamene pali mkangano weniweni, makamaka pakati pa alandilodi ndi okhala pa lendi. Landilodi akaona utuchi amaona ndalama zikugwa. Ndipo sakulakwa kwenikweni.

Bemberezi amafuna mtengo wouma, wofewa, wosapaka kanthu, pamalo posanyowa ndi mvula. Kutchire amaupeza pa nthambi zakufa, pa nsungwi, pa mtengo wouma wa duwa la khonje. M'tauni muno mtengo wouma sugona pansi masiku awiri, wina wautola kale kukaphikira. Ndiye chotsala n'chiyani? Matabwa a paini a kudenga, mapaso a pakhonde, nsanamira za shedi, khola la nkhuku, benchi ya pagolosale. Ife tomwe tinamuchotsera kwawo n'kumuyalira matabwa osapenta.

Musanamuimbe mlandu, onetsetsani kuti ndi iyedi. Chiswe chimabwera ndi dothi, chimamanga timisewu tadothi pakhoma, ndipo chimadya thabwa mkati mpaka kutsala chikhungwa. Tizilombo tofumbwitsa timasiya timabowo tambirimbiri tonga toboola ndi singano, ndi fumbi losalala ngati ufa. Bemberezi amasiya bowo limodzi lalikulu lozungulira, utuchi wokhakhala, ndipo nthawi zambiri pansi pa bowo pamakhala madontho achikasu a zitosi zake. Mwa atatuwa, wogwetsa nyumba ndi chiswe. Bowo limodzi kapena awiri a bemberezi pa thabwa lochindikala sangagwetse denga. Choopsa ndi thabwa limodzi kugwiritsidwa ntchito zaka ndi zaka, mibadwo ikuwonjezera tinjira, madzi n'kuyamba kulowa, mwinanso mbalame zogogoda mitengo n'kubwera kudzang'amba kufuna mphutsi. Thabwa lotero limafooka ndithu, ndipo ngati ndi lonyamula malata, mphepo ya mvula zoyamba siichita nalo chisoni.

Ine ndinaphunzira mochedwa. Panyumba ina imene ndinkachita lendi, nditatopa ndi kusesa utuchi, ndinatenga sopo n'kumata mabowo onse atatu madzulo amodzi, n'kudzitama kuti ndathana nazo. Patapita masiku ochepa ndinapeza mabowo atsopano pambali pa akale. Amene ndinawatsekera mkati anangoboola khomo lina. Ndinawonjezera vuto ndi manja anga.

Njira yabwino ndi iyi. Yambani mwadziwa ngati m'bowo muli anthu. Tsekani pakhomo ndi kapepala kofewa kapena kaudzu, mopepuka. Mukapeza katachotsedwa mawa lake, eni ake alipo. Kakakhala pomwepo, kasiyeni milungu ingapo, chifukwa mwina mayi anafa koma ana akukula m'zipinda. Mukatsimikiza kuti ndi bwinja, khomeranimo kamtengo kokwana bwino kopaka guluu, dulani, n'kupenta thabwa lonse. Penti wa oyilo kapena vanishi wochindikala amawagwetsa ulesi, ngakhale si kuti ndi mankhwala osalephera. Musaiwale kumapeto kwa thabwa ndi kunsi kwake, chifukwa ndi kumene amakonda kuyambira, ndipo ndi kumene opaka penti amakonda kudumpha. Amene mukumanga kumene, gulani matabwa othiridwa mankhwala, kapena pentani asanakwere kudenga. N'zotchipa kuposa kudzasintha pambuyo.

Thabwa likakhala kuti ladyeka kwambiri, itanani kalipentala weniweni wa miyendo iwiri aliyang'ane, ndipo ngati ndi lofunika kusintha, sinthani. Okhala pa lendi, jambulani chithunzi mutumizire landilodi msanga, zisadzakugwereni tsiku lotuluka m'nyumba.

Kupopera mankhwala m'bowo kumapha amene alimo, zoona, koma thabwa likadali lomwelo, louma, lofewa, losapenta. Chaka chamawa abwera ena. Mwangotaya ndalama n'kupumira mankhwala pakhonde pomwe ana amasewera. Ku dimba nakonso n'chimodzimodzi: ngati mukuyenera kupopera tomato kapena nyemba, poperani madzulo dzuwa litapendeka, njuchi zitaweruka, ndipo pewani kuthira pa maluwa otseguka.

Chimene chimathandiza kwambiri ndi kuwapatsa pena pokhala. Chipika chouma cha mtengo wofewa, zidutswa za nsungwi zonenepa, kapena mtengo wa duwa la khonje, zimangeni pamalo okwera pang'ono kuseri kwa nyumba, pamthunzi posafika mvula, kutali ndi pamene ana amasewera ndiponso posakhudza dothi kuopa chiswe. Ngati mwasintha thabwa la kudenga, musaliwaze nkhuni. Lichotseni madzulo eni ake ali mkati, mutatseka mabowo ndi nsanza kuti asakulumeni ponyamula, mukalipachike kufupi ndi mpesa wa magalagadeya mmene linakhalira kudenga, mabowo akuyang'ana pansi kapena kumbali. Nsanzazo muzichotse usiku womwewo. Ena adzabwerera kukazungulira pakhonde pakale masiku angapo akusaka khomo lawo, ndiye thabwa latsopanolo likhale litapentedwa kale lisanakhomedwe.